A Zuze, Wojambula Malo Opanda Anthu

Patha chaka tsopano chimwalirireni a Zuze, ndipo kiyi wa kachipinda kawo akadali m'kabati ya makina anga osokera. Ana awo amati abwera kudzatenga katundu, koma mwezi uno amati mvula, mwezi winawo amati akukumba mbatatesi. Ine sindiwakakamiza.

Ndinene zoona, kaya anthu andinena: m'mawa umene uthenga unafika ndinalira, koma mtima unakhalanso pansi. Bambo aja anavutika. Manja ankanjenjemera moti tiyi ankafika pakamwa atatsala theka, wina ali pa malaya. Munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi chithunzi chogwedera, n'kudwala matenda ogwedeza thupi, abale inu, zinkapweteka kuona. Nditalowa m'nyumba ya maliro n'kuwaona atagona, manja ali phee atagwira kolona, ndinati basi, apumula.

Tinkachita lendi nyumba imodzi pa Lizulu, mbali ya kuno kwathu kwa msewu. Ine ndinkasoka pakhonde, iwo ankakonza mavidiyo m'kati. Anabadwira tsidya linalo la msewu, ku Mozambiki, ndipo akapsa mtima ankatukwana m'Chipwitikizi chimene ngakhale eni ake ankangoyang'anizana nacho. Anali aafupi, a jekete nthawi zonse ngakhale m'mwezi wotentha, ndipo magalasi awo anali omanga ndi ulusi wanga. Ulusiwo sankapempha. Ankangotambasula dzanja podutsa, ine n'kumalalata, iwo n'kumayankha kuti ulusi wa Nambewe ndi wosalimba. Nambeweyo ndine.

Anayamba kale ndi kamera ya zithunzi, akuzungulira midzi pa njinga. Kenako anapeza chikamera choika paphewa, ndipo atakalamba kale mphwawo wina anawatumizira laputopu. Anthu ankati sangaithe. Anaiphunzira mokangana nayo, akuiloza chala ngati mwana wosamva, mpaka inayamba kuwamvera. Maukwati, zinkhoswe, ziliza, ngoma ya amuna a zishango, makwaya, zonsezi kuyambira kwa Nzama mpaka ku Boma zinkadzera m'kachipinda kameneka.

Koma chimene anthu ankawadziwira, n'kumawaseka nacho, chinali china. Akafika pamalo ankayamba aimika kamera pa choimikira chake cha miyendo itatu, n'kuthamangitsa aliyense. Mkwatibwi adikire m'galimoto, abusa aime pambali, ana achoke. Akatero ankajambula malowo opanda munthu, kwa kanthawi ndithu, iwo ataima chilili manja kumbuyo, ndipo wina akangotsokomola ankamuyang'ana ndi diso lofiira. Achinyamata ankati a Zuze akujambula mphepo. Amayi ena ankanong'ona kuti akujambula mizimu. Iwo ankangoti malo nawonso amafuna moni munthu asanaimepo. Akamaliza, miyendo itatu ija sinkasunthanso, ndipo woigunda ankamva Chipwitikizi.

Chifukwa chake chenicheni ndinachidziwa ine, poti makutu anga anali pakhomo pawo tsiku lonse. Kuno kwathu sungajambule kanthu osadutsa wina kumbuyo. Pena ndi wa kabaza, pena mbuzi, pena chidakwa chikuvina nyimbo yakeyake, pena mwana akukweza manja kuti aoneke. Wodutsayo akakhala kumphepete, a Zuze ankangodula chithunzicho m'mbali, iye n'kutsala kunja. Koma ankachenjeza kuti ukadula kwambiri, zotsalazo zimakula, nkhope n'kuyamba kuoneka mbuu. Ine ndinawauza kuti n'chimodzimodzi nsalu, ukaidya kwambiri diresi imathina. Wodutsayo akakhala pakati, pamene sungadule, ankatenga kachidutswa ka malo opanda anthu aja n'kukaika pamwamba pake, iye n'kubisika kuseri. Anyamata a masiku ano amati masiki. A Zuze ankati chigamba, ndipo mawuwo anaba kwa ine, ngakhale mpaka imfa yawo ankakana.

Anali ndi lamulo limodzi limene linawadanitsa ndi anthu angapo. Ankachotsa wongodutsa yekha, osati munthu woitanidwa. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wogulitsa kabichi, atayambana ndi mng'ono wake pa nkhani ya munda, akufuna kuti mng'onoyo achotsedwe mu vidiyo ya chiliza cha bambo awo. A Zuze anamufunsa ngati mng'onoyo anangodutsa pamandapo akupita kumsika. Mkuluyo anati ayi. Anamufunsanso ngati bambowo anabereka mwana mmodzi. Mkuluyo anakwiya, mawu anakwera, ogulitsa tomato anasiya malonda n'kudzaonerera. Mapeto ake a Zuze anamubwezera chimbale chake n'kumuuza kuti akachotse yekha ndi khasu. Anthu aja anadzagwirizana patapita nthawi, koma mkuluyo sanawapatsenso moni a Zuze.

Pali nkhani imodzi imene a Zuze anandiletsa kunena ali moyo. Amene ikuwakhudza andilola tsopano, tinakumana pa Misa yokumbukira a Zuze.

Kwaya ya tchalitchi china chaching'ono cha kumidzi ya kwa Nzama inkakonza chimbale chake choyamba. Yunifomu yawo ndinasoka ndine, ndiye ndinkawadziwa onse ndi miyeso yawo yomwe. Panali mtsikana wina, Felesiya, woonda, wamanyazi, amene pomuyeza ankangoyang'ana pansi. M'nyimbo zonse ankaima mzere wakumbuyo, kungooneka duku. Koma panali nyimbo imodzi imene ankatsogolera yekha, ataima patsogolo, ndipo akatsegula pakamwa umaiwala kuti ndi wamanyazi uja.

Anakajambulira pakaphiri kena, pamene pali mwala waukulu ndi kanjira kodutsa kumbuyo. Mawu anali atajambula kale, choncho pakaphiripo ankangotsatira nyimbo ikulira pa sipika, onse maso ku kamera. A Zuze anachita mwambo wawo wa nthawi zonse, anathamangitsa kwaya yonse n'kujambula mwala ndi kanjira. Nyimbo ya Felesiya inali yomaliza. Ili m'kati a Zuze anaona chinachake chikudutsa kumbuyo pa kagalasi kakang'ono ka kamera, koma anayesa munthu wonyamula matabwa, ndipo mumtima anati adzadula. Itangotha, mvula inatsika kuchokera ku Mozambiki, aliyense n'kuthawa. Sanabwerezenso.

Asanaifike nyimboyo pokonza, Felesiya anadwala malungo n'kumwalira. Zinachitika mwamsanga moti ena anamva za maliro asanamve za matenda.

Maliro atatha, tcheyamani wa kwayayo, a Bonifasi, anabwera kudzaona pamene ntchito yafika. A Zuze anandiitana kuti ndidzaone yunifomu yanga mmene yaonekera. Anatsegula nyimbo ija, tonse atatu tikuiona koyamba pa laputopu. Felesiya anayamba kuimba, ine misozi n'kulengeza. Kenako kumanzere kunatulukira bambo akukankha njinga pa kanjira kaja. Pakaliyala anali atamanga ndi mphira bokosi la maliro, latsopano, la matabwa osapaka utoto. Poti panali pokwera, ankayenda pang'onopang'ono. Bokosilo linadutsa kumbuyo kwa oimba besi, n'kufika pa Felesiya nthawi yomwe ankakweza dzanja kumwamba. Linalowa kuseri kwa mutu wake n'kukatulukira mbali inayo.

Tinaionera nyimboyo mpaka inatha.

A Bonifasi anavula chipewa n'kunena kuti nyimboyo ifufutidwe pompo. Sindiwanena, anali ndi mfundo. Anati anthu akaiona adzati malodza, ndipo ena, mmene timadziwira pakamwa pa anthu, adzati kwaya inakhwimira mwanayo kuti chimbale chiyende malonda. Koma choposa zonse anali mayi ake a Felesiya, mayi Nangozo. Mayiwo analibe chithunzi cha mwana wawo kupatula kakang'ono ka pa chiphaso, ndipo chichitikireni maliro ankafunsa Lamulungu lililonse kuti chimbale chituluka liti, akufuna kumuonanso akuimba. Kuwaonetsa zimenezi kunali kuwapha. Kufufuta nyimboyo kunali kuwalanda mwana kachiwiri.

A Zuze anapukuta magalasi ndi jekete. Kenako anapempha kuti awapatse nthawi. A Bonifasi anavomera monyinyirika, n'kunena kuti pakangotsala ngakhale kangodya ka bokosilo, nyimboyo ichoke ndipo mayi Nangozo adzauzidwa kuti inaonongeka ndi mvula. Tinalonjezana kuti nkhaniyi ithera m'kachipindamo.

M'mawa mwake a Zuze sanayatse n'komwe laputopu. Anakwera kabaza n'kupita kumidzi ija kukafunsa kwa akalipentala kuti tsiku limenelo anakhomera ndani bokosi. Ine ndinati akutaya nthawi. Anabwera madzulo fumbi lili mbuu, n'kundiuza kuti linali la agogo ena a kuseri kwa phiri, amene anamwalira atakalamba mpaka kuona zidzukulutudzi. Anati tsopano angathe kuligwira ntchito, poti adziwa kuti linali ndi mwini wake ndipo pa Felesiya linkangodutsa.

Anayamba ndi kudula. Kumanzere anadya mtengo wonse wa bulugamu ndi theka la mwala, mpaka anafika pa chigongono cha wa besi wakumapeto. Ine ndinati amudule yemweyo, poti aliyense ankadziwa kuti amaimba zakezake. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundikumbutsa kuti ameneyo anali woitanidwa. Kumanja anadulanso pang'ono. Apo njinga inasiya kuoneka polowa ndi potuluka, koma pakati inali ikadalipo.

Ndiye anatulutsa kanjira kopanda anthu kaja, kamene kwaya inawaseka nako tsiku lojambula. Poti miyendo itatu sinasunthe, kanjira kameneko kanagwera ndendende pamwamba pa kanjira ka njinga, mwala pa mwala, chitsamba pa chitsamba. Vuto linali loti chigambacho chinkaphimbanso mitu ya oimba. Anayenera kulemba mzere mozungulira mutu uliwonse, phewa lililonse, kuti chigamba chikhale kumbuyo kwa anthu koma patsogolo pa bokosi. Anandifotokozera kuti vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zondondozana, ndipo munthu akasuntha pang'ono mzerewo umayenera kumutsatira. Tsono kwaya ya kuno kwathu siima ngati mitengo. Imavina.

Nthawi imeneyo n'kuti dzanja lawo litayamba kale kuvuta. Ankagwira mausi ndi dzanja lamanja, lamanzere litapanikiza pamkono kuti lisathawe. Mzere ukakhota ankabwerera, ukakhotanso ankatukwana. Anandiletsa kupalasa makina, ati ndikugwedeza thebulo, ine ndili ndi madiresi a chinkhoswe cha eni ake. Tinakangana koopsa. Anandinenanso chifukwa cha duku la Felesiya, limene ndinalisoka la michira iwiri yaitali, ndipo mphepo ya pakaphiri inkaiulutsa pomwe pankadutsa bokosi. Ati telala wanzeru sasoka duku la michira. Ndinawauza kuti wojambula wanzeru amasiyanitsa bokosi ndi matabwa. Sitinalankhulane mpaka mawa lake, koma makina ndinawatulutsa n'kukasokera pansi pa mtengo.

Povuta kwambiri panali pa dzanja lija. Felesiya analikweza zala zili zotambasula, ndipo matabwa a bokosi ankaonekera pakati pa chala ndi chala. Pamenepo pokha anakhalapo masiku. Makasitomala a maukwati ankabwera kudzalalata, iwo osatembenuka n'komwe. Chigambacho chinkaonekanso chowala kuposa malo ena, poti anachijambula m'mawa dzuwa lili bwino. Anachidetsa pang'ono n'kufewetsa m'mphepete mwake mpaka msoko unasowa.

Tsiku lina anandiitana monyada, chifuwa patsogolo, kuti ndidzaone. Njinga kunalibe, bambo uja kunalibe, bokosi kunalibe. Ndinatsala pang'ono kululutira. Kenako ndinaona chinthu chakuda chikukwawa pa udzu, kumunsi kwa kanjira, pakati pa miyendo ya oimba. Chinali chithunzithunzi cha njinga ndi bokosi lake, chikuyenda chokha popanda mwini wake. Ndinakuwa. Amenewo ndiye akanakhala malodza enieni, oposa oyamba aja! A Zuze anayang'anitsitsa, n'kuseka mpaka kutsokomola, koyamba chiyambireni ntchitoyo. Sanandithokoze, anangoti maso a telala amangoona zolakwika. Anakulitsa chigamba kuti chifike pa udzu, n'kuyambanso kuzungulira miyendo ndi mipendero ya masiketi.

A Bonifasi anadzaionera nyimboyo kangapo, nkhope ili pafupi ndi galasi, ndipo sanapeze kanthu. Anabwera ndi mayi Nangozo tsiku la msika. Mayiwo anakana mpando wa a Zuze n'kukhala pa kampando kanga. Kunja kunali phokoso la malole ndi oitanira mbatatesi, ndiye ndinatseka chitseko. Ndinkaopa kuti mwina pali kena kamene tonse sitinakaone, ndipo maso a mayi ake akapeza.

Nyimbo inayamba. Ine sindinkayang'ana laputopu, ndinkayang'ana mayiwo, ndipo ndinaona chinthu chodabwitsa. Sankayang'ana nkhope ya mwana wawo. Maso awo anali kumanzere, kumphepete kwa chithunzi, kumene kunkayambira kanjira. Nyimbo itayandikira pamalo paja anandigwira mkono mwamphamvu, zikhadabo kulowa, ndipo anasiya kupuma. Felesiya anakweza dzanja. Kumbuyo kwake kunali kanjira, udzu ndi mwala basi. Anatsitsa dzanja, nyimbo n'kupitirira. Mayi Nangozo anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kugwa, n'kundisiya mkono.

Anapempha kuti aibwereze. Ulendo wachiwiriwu ndi pamene anamuyang'ana mwana wawo kumaso, ndipo analira bwinobwino, akutsatira nyimboyo chapansipansi. Itatha anapukuta maso ndi chitenje n'kutembenukira kwa a Zuze.

“Tsiku lija ndinali kumbuyo kwanu, bambo, ndi ndowa ya thobwa. Ndinaliona.”

Anafotokoza kuti sanauze munthu aliyense, ngakhale mwanayo. Chimwalirireni Felesiya, akangotseka maso ankamuona akuimba bokosilo lili kumbuyo kwake, ndipo ankadzifunsa ngati linali kumuitana iwo n'kukhala chete. Anati anabwera atakonzeka kulionanso, poti panalibe njira ina yoonera mwana wawo.

“Koma lero ladzera kwina,” anatero.

A Zuze anavula magalasi. Mawu awo anatuluka otsika, osati a munthu wolalata uja. “Linali ndi mwini wake, mayi. Ndinakafunsa ndekha. Linali la agogo ena a kuseri kwa phiri, anapita atakalamba. Kwa mwana wanu limangodutsa.”

Mayi Nangozo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu. “Ndiye lero ndikagona,” anatero.

Mayiwo atapita, a Bonifasi anakhala pansi penipeni pasimenti n'kuyamba kuseka ngati munthu amene watula thumba la chimanga. A Zuze anangotambasula dzanja n'kutenga ulusi wanga, ndipo tsiku limenelo sindinalalate.

Chimbale chinatuluka, nyimbo ya Felesiya ikumveka m'maminibasi a ku Boma, ndipo palibe anadziwa kanthu. Koma ntchito imeneyo ndi imene inali yaikulu yomaliza. Dzanja linapitirira kuvuta, linalo n'kuyambanso. Anasiya kuzungulira mitu, kenako anasiya kudula, mapeto ake ankangobwera kudzakhala, jekete ili pathupi, akuonerera msika n'kumanena achinyamata ojambula ndi mafoni kuti akuweta chizungulire. Pamaliro awo achinyamata omwewo anajambula, aliyense foni m'mwamba, akuthamangira uku ndi uku. Ndinapsa mtima, kenako ndinaseka ndekha, poganiza Chipwitikizi chimene akanamva. Mayi Nangozo anabwera wapansi kuchokera kwawo, ndipo anagona m'nyumba ya maliro pamodzi ndi achibale.

M'mawa uliwonse, msika usanadzuke, ndimatsegula kachipinda kaja kuti kapite mphepo. Laputopu ndi kamera anatenga mphwawo, pathebulo panangotsala malo oyera pamene inkakhala. Msomali wa jekete ulipo. Nsalu yabuluu imene ankajambulirapo zithunzi za ziphaso ikadali pakhoma, yasuluka mbali ya kuwindo. Pawindopo pali magalasi awo akale, ulusi wanga wofiira ukadali pa mwendo umodzi, ndipo sunaduke, ngakhale ankati ndi wosalimba. Pakona, pamene ankaimika choimikira kamera akabwera kojambula, simenti inakumbika timaenje titatu.

Dzuwa likatuluka limalowa pakhomo n'kugwera pa timaenjeto. Ine ndimaima panja, manja kumbuyo, osalowa, osatsokomola, kwa kanthawi ndithu. Malowo ali bwinobwino, palibe wodutsa. Akungosowa woti aimepo.